Pikapu Yokana Kukhota Kumanzere

Sonkhezani motowo musendere kuno, ndikuuzeni za pikapu mwaiona panjayo. Ambiri mumangoiseka utoto wake wa mitundu itatu osadziwa kumene inachokera.

Mwana wanga Zione anabadwa ndi mphumu. Ali ndi zaka zitatu, matendawo anamugwira masana ena m'nyengo yozizira, ndipo ndinamuthamangitsira kuchipatala cha kuboma pa njinga yakapalasa, mkazi wanga Esinati atakhala pa kaliyala mwana ali kumsana. Kuchoka kwathu kwa Chimpeni kukafika kuboma ndi makilomita 26. Tinafika milomo ya mwana itada. Namwino anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, tsiku lina musadzachedwe chonchi." Mawu amenewo anandikhala m'mutu ngakhale ndili kumunda.

Galimoto yathunthu sindikanaikwanitsa, poti ine ndi mlimi wa mbatatesi ndi kabichi basi. Koma pamsika pathu pali a Chagunda, makaniko wakale amene anakalambira pa mathirakitala a ku esiteti. Iwo ndi amene anandiuza kuti galimoto imamangika ngati nyumba, lero njerwa, mawa malata. Tinayamba. Chasisi ndi kabini tinazipeza pa pikapu ina ya petulo imene injini yake inafa kalekale. Injini ya dizilo tinaichotsa mu minibasi yakale. Giyabokosi inachokera kwina, moti a Chagunda anatha milungu itatu akudula zitsulo ndi kuwotcherera kuti zinthu zitatu zosadziwanazi zigwirizane. Chomaliza chinali bodi ya kumbuyo, ija yonyamulira katundu. Tinakaigula ku Balaka kwa Che Mdoka, wogulitsa zitsulo za magalimoto akufa. Inali yabuluu, yophwanyika pang'ono mbali imodzi, ndipo a Chagunda anaiwongola ndi hamala.

Patatha miyezi khumi ndi umodzi, injini inalira. Inatsokomola utsi wakuda, kenako inakhazikika, gudugudu, gudugudu. Esinati analulutira pakhomo la galaja. Ine ndinangokhala pa tayala lakutha.

Chinthu choyamba chimene ndinaona n'chakuti galimotoyo inkapendekera kumbuyo chakumanzere, ngati munthu wakhala pakona. Ndinayeza ndi tepi: mbali imeneyo inali yotsika zala zitatu.

"Masipiringi amenewo," anatero a Chagunda. "Akalamba ngati mwini galaja."

Tinawasinthanitsa, a kumanja kupita kumanzere, a kumanzere kupita kumanja. Titatsitsa jeke, inapendekeranso kumanzere komweko. A Chagunda anaizungulira kawiri manja ali kumbuyo.

"Ikanapendekera kumanja tsopano," anatero. "Koma musade nkhawa, bambo a Zione. Galimoto siinama. Ikadwala imanena pamene pakuwawa, bola munthu azifunsa chimodzichimodzi."

Loweruka lake tinanyamuka kukaiyesa ulendo wa kuchipatala, chifukwa ndinkafuna kudziwa mphindi zake. Msewu wathu wafumbi umakathera pa mphambano. Ukakhota kumanzere ukupita kuboma, kumene kuli chipatala. Ukakhota kumanja ukupita kumidzi ya kuseri kwa phiri. Ndinachepetsa liwiro, ndinapotoza chiwongolero kumanzere, matayala a kutsogolo analowa mumsewu wa kuboma, ndipo injini inazima. Siinagwedezeke, siinatsokomole. Inangoti zii.

"Mpweya," anatero a Chagunda akutsika. "Dizilo ndi mpweya sizionana."

Anamasula kabawuti ka pa fyuluta ndi sipanala ya 10, ine n'kumapopa pampu ya pamanja ndi chala chachikulu. Mafuta anatuluka oyera, opanda thovu n'limodzi lomwe. Tinayesa kuiliza, sitata inazungulira bwinobwino, koma injini osagwira. Titatopa tinaikankhira m'mbuyo mpaka inabwerera mumsewu wathu. Ndinapotoza kiyi mongoyesa, inalira kamodzi n'kamodzi.

Tinayang'anana. Ndinalowanso kumanzere, inazima pamalo omwe aja. Tinaibweza, inalira. Ulendo wachitatu a Chagunda anati ndikhotere kumanja. Inathamanga ngati yochokera m'sitolo. Tinafika pa chigayo, kilomita imodzi kuchokera pa mphambano, ndipo ndikuitembenuza kuti tibwerere ndinamva kugogoda padenga la kabini, go, go, go, mmene amagogodera anthu a matola akafuna kuti dalaivala aime.

"Mwamva?" ndinafunsa.

"Lata likuwongoka ndi dzuwa," anayankha a Chagunda. Koma anacheuka kuyang'ana kumbuyo kudzera pagalasi, ndipo anachedwa kubweza khosi.

Mwezi wonse wotsatira unathera pa mphambano imeneyo. Ndikanakhala wopanda mwana wodwala, ndikanati inali nthawi yosangalatsa, chifukwa m'mawa uliwonse a Chagunda ankabwera ndi ganizo latsopano, maso akuwala. Poyamba anati pokhota kumanzere mafuta amathawira mbali imodzi ya thanki, paipi n'kumayamwa mpweya. Tinadzaza thanki mpaka pakamwa. Inazima. Kenako anati chiwongolero chikupana waya wa pa pampu, uja wozimitsira injini. Tinakoka waya watsopano kuchokera ku batire, osadutsa kwina kulikonse. Inazima. Tinamangirira chigubu cha mafuta padenga, paipi n'kutsika molunjika ku pampu, thanki ndi fyuluta osazigwiritsa ntchito. Inazima. Tinapita nayo pabwalo la mpira la kusukulu, ine n'kumazungulira kumanzere, kumanzere, mpaka chizungulire chinandigwira. Pamenepo siinazime.

"Ndiye kuti kumanzere siikukana," ndinatero.

"Ikukana kuboma," anatero a Chagunda. "Mwina ili ndi mlandu kupolisi."

Tinaseka. Tsiku lomwelo tinayesa kulowa msewu wa kuboma chobwerera m'mbuyo, ndi giya ya rivesi, ngati tikuipusitsa. Bodi itangolowa mumsewumo, zii.

M'masiku amenewo sipanala ya 10 inayamba kusowa. A Chagunda ndi munthu wosunga zida, aliyense amawadziwa. Sipanala iliyonse ili ndi msomali wake pakhoma. Koma ya 10 ija, imene tinkamasulira fyuluta tsiku ndi tsiku, tinkaisiya pa injini, potembenuka palibe. Kachitatu konse tinaipeza malo amodzi, m'bodi, pakona ya kumanzere kufupi ndi kabini, itagonekedwa bwinobwino motsatira m'mphepete. Ulendo wachitatuwo a Chagunda sanaitole ndi dzanja. Anaikoka ndi waya.

Panalinso anthu a mumsewu. Tsiku lina tikupita ku mphambano tinakumana ndi mkulu wina pa njinga. Atationa anatsika, anavula chipewa, n'kuima chilili mpaka tinadutsa. Ndinaganiza kuti akuthawa fumbi. Mawa lake amayi a pa mjigo, amene masiku onse ankatikuwiza kuti "yazimanso!", anangoti chete titayandikira, wina mpaka anasiya kupopa madzi. Lachisanu, titaima pa mphambano boneti ili yotsegula, mayi wina wachilendo wosenza nkhuni anatula mtolo wake, anagwada pambali pa msewu, n'kundifunsa motsitsa mawu.

"Pepanitu bambo. Ndi a kwa yani?"

"Ndani mayi?"

"Mwanyamulawo."

Ndinayang'ana m'bodi. Munali chingwe ndi chigubu. Mayiwo anadzuka, anasuzumira, n'kugwira pakamwa.

"Iii, maso angawa," anatero akuseka mwamanyazi. Anasenza nkhuni zawo n'kumapita mofulumira, osacheukanso.

Madzulo ndinamufotokozera Esinati. Iye anali akupaka Zione mafuta pachifuwa, chifukwa mphepo ya Ogasiti inali itayamba ndipo mwana ankatsokomola m'mawa uliwonse.

"Bambo a Zione," anatero, "ine za mapaipi sindizidziwa. Ndingofunsa chimodzi. Mwanayu akabanika mawa, galimoto yanuyo itifikitsa?"



Lolemba a Chagunda anati kwatsala chinthu chimodzi chimene sitinachione ndi maso, pamwamba pa thanki. Thanki imakhala pansi pa bodi, ndiye kuti uione bwino uyenera kuchotsa bodiyo. Tinamasula mabawuti asanu ndi atatu, tinaitana amuna asanu ndi mmodzi a pamsika, ndipo anainyamula akudandaula kuti lata lopanda kanthu silingalemere chonchi. Pa thanki sitinapezepo vuto. A Chagunda anangomanga zolimbitsira mapaipi, n'kunena kuti tikaiyese ili chomwecho, mafupa ali pamtunda.

Pa mphambano ndinakhota kumanzere. Injini inapitiriza kulira. Ndinaika giya yachiwiri, yachitatu. Tinawoloka mlatho, tinakwera chitunda, tinafika pachipata cha chipatala. Mphindi 34. Ndinazilemba pa dzanja ndi bolopeni. Pobwerera ndinawagulira a Chagunda botolo la chakumwa, iwo n'kumadzitama njira yonse kuti anali paipi yokhwepa, ndipo anaidziwa kuyambira tsiku loyamba.

Tinabwezeretsa bodi madzulo omwewo. Mawa lake m'mawa ndinati ndiyesenso kamodzi, chifukwa ine chinthu sindichikhulupirira chikachitika kamodzi kokha. Pa mphambano, zii.

A Chagunda anatsika, anakhala pansi m'fumbi momwemo.

"Bambo a Zione, tamverani. Bodi ilibe paipi. Ilibe fyuluta. Ili ndi mawaya awiri okha a magetsi a kumbuyo, ndipo dzulo ndinaiwala kuwalumikiza, taonani akulendewerawo. Palibe chimene chimachoka m'bodi kupita ku injini."

"Ndiye?"

"Ndiye tafunsa injini, yayankha. Tafunsa thanki, yayankha. Kwatsala kufunsa amene anatigulitsa lata ili."

Ku Balaka ndinapita ndekha pa minibasi. Che Mdoka ndinawapeza akuphwanya chitseko cha lole ndi nkhwangwa. Nditawafunsa za bodi yabuluu, anapitiriza kaye ntchito yawo.

"Achimwene, munagula chitsulo. Mbiri sindigulitsa."

"Sindikubweza katundu, Che Mdoka. Ndingofuna kudziwa. Ndili ndi mwana wodwala."

Anatsamira nkhwangwa ija n'kupukuta thukuta.

"Galimoto yake inagubuduzika zaka zinayi zapitazo, pamlatho wa kwanu konko, uja wa pakati pa boma ndi mphambano. Tayala linaphulika. Inanyamula maliro kuchokera ku mochale ya kuboma. Sipanafe munthu, koma ovulala analipo. Bokosi analisamutsira mu lole ina imene inkadutsa, n'kupitiriza ulendo."

"Malirowo anali a yani?"

"Ine ndimafunsa kulemera kwa chitsulo, maina ayi. Ndinangomva kuti ankapita kuseri kwa phiri."

Nkhaniyi ndinakaikamba kunyumba, a Chagunda ali pomwepo pakhonde. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anagwedeza mutu ngati mmene amachitira akapeza bawuti yothyoka.

"Malemuwo sanawauze," anatero.

"Kuwauza chiyani?" anafunsa Esinati.

"Mayi a Zione, ponyamula maliro pamakhala wachibale mmodzi wolankhula nawo. Ponyamuka amati tikunyamuka. Pamlatho amati tikuwoloka. Mukasintha galimoto amati tsikani, tikwere iyi. Pofika amati mwafika. Tsono pangozi anthu ali balalabalala, ena akulira, ena magazi, ndani anakumbuka? Ananyamula bokosi. Mwini wake anatsala mmene anamukweza."

Ndinakumbuka kuti pa maliro a bambo anga azakhali ankachita zomwezo, kuweramira pa bokosi pamlatho uliwonse. Ine nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndi chisoni chabe.

"Ndiye kuti kumanzere ndi kumene anachokera," ndinatero. "Akuona ngati tikuwabwezera ku mochale."

"Ichotseni bodiyo," anatero Esinati. "Mawa lomwe. Galimoto iziyenda ndi mafupa ake, ine ndilibe nazo manyazi."

"Tikachotsa tiika kuti?" anafunsa a Chagunda. "Kugalaja kwanga ayi. Tsiku lija tinaitsitsa kumeneko agalu anga sanadye."

"Pakhomo panganso ayi."

Tinakambirana mpaka tinagwirizana kuti Loweruka, tsiku la msika pamene amuna amapezeka ambiri, tidzaichotse n'kukaisiya pambali pa mphambano, kenako tidzafufuze abale ake pang'onopang'ono. Limenelo linali Lachitatu.

Lachinayi masana anthu osaka mbewa anatentha tchire kumunsi kwa mudzi. Mphepo inatembenuka, utsi wonse unadzaza pakhomo pathu. Ndinali kudimba pamene ndinamva Esinati akundiitana ndi dzina langa lenileni, Filimoni, chimene sachita. Ndinapeza Zione atakhala tsonga pamphasa, mapewa akukwera ndi kutsika, pachifuwa pakulira ngati wezulo. Mankhwala opopera m'kamwa tinamupopera kawiri, katatu, osasintha. Njinga yamoto ya pamsika inali itapita ku ukwati. Amuna asanu ndi mmodzi ochotsa bodi sakanapezeka msanga, ndipo mabawuti okha amatenga ola.

"Lizani," anatero Esinati, atalowa kale m'kabini mwana ali pamiyendo.

Njira yonse ndinkadziuza kuti ndikafika pa mphambano ndi liwiro, mwina idutsa ndi mphamvu yake. Ndinakhota fumbi lili koboo. Injini inazima, ndipo galimoto inaima pomwepo ngati yagwiridwa kumbuyo. Ndinatsika, ndinatsegula boneti, ndinayamba kupopa pampu, ngakhale ndinkadziwa kuti mulibe mpweya. Manja ankangochita zimene anazolowera. Msewu unali mbee, kopanda galimoto, kopanda njinga.

"Siyani zimenezo!" anakuwa Esinati pawindo. "Kalankhuleni nawo!"

"Sindikuwadziwa dzina!"

"Mlendo akafika pakhomo mumayamba mwadziwa dzina? Pitani!"

Ndinazungulira kumbuyo. Dzuwa linali likuswa mtengo, koma nditagwira m'mphepete mwa bodi pakona ija, chitsulo chinali chozizira ngati mtsuko. Ndinavula kapusi. Ndinanjuta pansi, maso osawakweza, chifukwa sindinkafuna kuona chimene mayi wa nkhuni uja anaona.

"Zikomo akuluakulu," ndinatero. "Dzina lanu sindikulidziwa, mundikhululukire. Ine ndine Filimoni Kamtedza wa kwa Chimpeni. Galimoto mwakwerayi ndi yanga. Ndamva kuti anakusiyani osakuuzani. Ndikudziwanso kuti njira iyi ndi imene munachokera ndipo simuifuna. Sindikukubwezani, ayi. Kutsogoloku kuli mwana wanga, dzina lake Zione. Akubanika. Tamumverani nokha."

Ndinatchera khutu. Kunalibe mphepo, kunalibe mbalame. Chimene chinkamveka ndi kawezulo kaja kokha, kuchokera m'kabini, kakufupikirafupikira.

"Ndikangomusiya m'manja mwa madokotala, ndikuperekezani kwanu. Lero lomwe, dzuwa lisanalowe. Njira mukandisonyeza ndinu."

Sindinamve yankho. Masipiringi okha analira pang'ono, ngati munthu amene anaimirira wakhalanso pansi. Ndinathamangira kutsogolo, ndinatseka boneti, ndinapotoza kiyi. Inalira.

Sindikumbuka kusintha magiya. Ndikukumbuka kuti tikuyandikira mlatho uja, Esinati anatembenuza mutu n'kulankhula chakugalasi la kumbuyo, mwaulemu ngati akulankhula ndi apongozi.

"Tikuwoloka, agogo. Gwiritsitsani."

Kuchipatala anamulandira Zione mothamanga, anamuveka chopumira kumaso, n'kutitulutsa ife panja. Patapita nthawi namwino anabwera kudzanena kuti mmodzi alowe. Ndinayang'ana dzuwa, linali litapendeka. Ndinayang'ana chitseko cha wodi. 

"Pitani," anatero Esinati.

"Nanga zikavuta ine kulibe?"

"Munalonjeza munthu. Iwo mbali yawo achita. Pitani."

Ndinawaimbira a Chagunda kuti andidikire pa mphambano. Ndinawapeza atavala jekete la kutchalitchi pamwamba pa ovolosi. Anakwera osanena nthabwala. Tinalunjika msewu wa kuseri kwa phiri, tinadutsa chigayo chija, ndipo kuchokera pamenepo ndinkayenda pang'onopang'ono, mawindo ali otsegula, tonse makutu ali kudenga. Pa kamtsinje kalikonse a Chagunda ankatulutsa mutu n'kunena kuti, "Tikuwoloka." Tinadutsa mudzi woyamba, chete. Wachiwiri, chete. Dzuwa linakhudza nsonga ya phiri. Ndinayamba kuganiza kuti mwina tapitirira, kapena mwina zonsezi ndi misala ya anthu awiri otopa.

Go, go, go.

Ndinaponda buleki. Kudzanja lamanja kunali kanjira kolowera pakati pa minda ya nandolo. Tinakatsata mpaka pa nyumba ya njerwa zosawotcha yofolera malata. Pakhonde panali mayi wachikulire akusenda nandolo m'lichero. Ataona galimoto, sanayang'ane ife. Anayang'ana bodi. Anaika lichero pansi n'kuimirira movutikira, mwendo umodzi ukukoka.

Tinapereka moni, tinakhala pansi, ndipo ndinafotokoza zonse kuyambira ku Balaka. Mayiwo anati ndi a Nagama. Anamvetsera osadabwa ngakhale pang'ono.

"Ndi achimwene anga, a Layisoni," anatero. "Wolankhula nawo tsiku limenelo ndinali ine. Kuchokera ku mochale ndinawauza. Pamlathopo ndinangoyamba kuti tikuwo, basi, ndinadzidzimukira m'chipatala patapita masiku awiri, mwendo uli m'chikhakha. Maliro anaika ine kulibe. Nditatuluka ndinafunsa kuti kodi posamutsa bokosi munawauza? Aliyense ankati amayesa mnzake wanena." Anapukusa mutu. "Onyamula bokosi anandiuza okha kuti linali lopepuka. A Layisoni anali chimunthu, bambo. Chitseko ichi ankalowa chowerama."

Anapempha kuti titsegule chitseko cha kumbuyo kwa bodi. Ndinachitsitsa. A Nagama anakonza chitenje chawo, anayandikira, n'kuima chapambali ngati mmene umaimira popatsa munthu njira.

"Achimwene," anatero. "Achimwene a Layisoni. Ndine Nagama. Galimoto ija inagwa, ndiye sindinathe kukuuzani. Pepani. Pano ndi pakhomo, mwafika. Tsikani."

Palibe chinachitika. A Chagunda anandiyang'ana. A Nagama anaika manja m'chiuno.

"Inu, musandichititse manyazi pamaso pa alendo. Kuyendayenda kwanu kuja simunasiyebe? Zaka zinayi! Eni ake a galimoto ali ndi mwana m'chipatala. Tsikani, anthu azipita."

Galimoto inagwedezeka kamodzi, mmene imachitira munthu wamkulu akatsika. Nkhuku zimene zinkatola nandolo pakhonde zinapatuka mbali ziwiri, n'kubwereranso. A Nagama anatsatira ndi maso china chake kuchokera pa galimoto mpaka pachitseko cha nyumba, kenako anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Zotsalazo tiona tokha ndi akuluakulu a banja," anatero. "Inu thamangani."

Anatikakamiza kulandira nandolo wodzaza kathumba. Pobwerera, titafika pa chigayo, a Chagunda anati, "Zaka makumi anayi ndili m'magalimoto, vuto ili lokha ndalipeza koma wokonza n'kukhala wina."

Ndinakawatula kugalaja kwawo, mumsewu wathu wafumbi. Kenako ndinatembenuka, chifukwa kuchokera kumeneko kupita kuchipatala njira ndi imodzi yokha. Chisisira chinali chitagwa. Ndinafika pa mphambano ndekhandekha, ndinachepetsa liwiro, ndinapotoza chiwongolero.

Esinati ndinamupeza pakhomo la wodi ya ana, atapinda manja pachifuwa. Anayang'ana kumbuyo kwanga asanayang'ane ine.

"Mwabwera nokha?"

"Ndekha."

"Pa mphambano?"

"Yangokhota."

Anapumira m'mwamba. Anandigwira dzanja n'kundilowetsa mkati, kudutsa mabedi a ana ena, mpaka pa bedi la pakona. Zione anali m'tulo chagada, chopumira chija atamuchotsa, dzanja limodzi lili pamutu.

"Weramani," ananong'ona Esinati. "Mvetserani."

Ndinaika khutu pafupi ndi chifuwa cha mwana. Ndinadikira kawezulo kaja.

"Sindikumva kanthu," ndinatero.

"Eya," anatero Esinati.